Mbewu ya Nakameza

A Rafaeli Alufazema, amene anaphunzitsa sayansi ku pulayimale zaka makumi atatu asanapume, ali ndi dimba ku Chilomoni, m'mbali mwa kamtsinje kotsika m'phiri la Michiru. Dimbalo ndi limene limawadyetsa, koma anthu analisandutsa njira yachidule yopitira ku siteji ya minibasi, abakha a eni ake n'kumalowamonso ngati kwawo. Ndiye chaka chatha aphunzitsiwo analengeza kuti m'dziwe lawo lothirira ndiwo mwalowa nakameza, chule wa mano wodya nyama, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpiru unayamba kukula mwamtendere.

Chule ameneyu anangomupeka okha. Nkhani inavuta Lachiwiri lina m'mawa, pamene mayi Bernadeta, amake Linda, ogulitsa mandasi pa siteji paja, anaima pa chipata cha dimba atanyamula ndowa ya chivindikiro.

"Odi kuno, aphunzitsi. Wagona?"

"Ndani?"

"Mwiniwake wa dziwe."

A Rafaeli anatula kheni yothirira, nayankha kuti wagona, koma tulo take n'topepuka. Mayiwo analowa monyang'ama, mapatapata ali m'manja, chifukwa anali atamva kuti nakameza amadana ndi phokoso la mapatapata. Aphunzitsi anapukuta benchi ndi chipewa chawo, alendo n'kukhala.

Atapatsana moni, amake Linda anafotokoza chimene chinawabweretsa. Makoswe anali atawathera ufa wa mandasi. Mphaka anamuyesa, koma mphakayo anagwirizana ndi makoswewo mpaka kumagona pa thumba limodzi. Msampha unagwira chala chawo chomwe. Mankhwala anapha nkhuku ya anansi awo, mlandu wake n'kukathera ku limana, kumene akhristu a m'dera lawo amakumana kupemphera.

"Ndiye ndabwera kudzapempha mbewu."

"Ya mpiru kapena ya tomato?"

"Ya nakameza."

Kwathu kuno mbewu samana. Munthu akhoza kukana ndi wilibala, akhoza kubisa mchere, koma mnzake akapempha kamsoti koyambira khola kapena mbewu ya mbatata, amapereka. A Rafaeli ankadziwa zimenezi. Ankadziwanso kuti zimene amake Linda amva m'mawa, pofika masana siteji yonse imakhala itazimva, ndipo zikangomveka kuti m'dziwemo mulibe choopsa, njira yachidule idzatsegulidwanso tsiku lomwelo.

"Amake Linda, nakameza si nkhuku. Saweteka."

"Nanga inu mukumuweta bwanji?"

"Sindikumuweta. Tikungokhalirana."

"Nafenso tizikakhalirana. Ine ndine munthu wosavuta, mukafunse alandilodi."

Aphunzitsi anatola kamtengo, nasalaza dothi ndi phazi, nayamba kujambula monga ankachitira pa bolodi. Anati nakameza wamkulu amatalika kuchokera pa chigongono kufika kumapeto kwa chala, ndipo amalemera ngati njerwa zinayi. Mano ake ali m'mizere iwiri ndipo ndi opindikira m'kati, kotero kuti chimene chalowa sichibwereranso. Lilime lake ndi lalitali ngati lamba wa munthu wonenepa. Posaka sathamangitsa nyama. Amangodzisandutsa ngati mwala m'mbali mwa madzi, bakha n'kubwera yekha kudzakhalapo kuti aothere dzuwa. Bakha mmodzi amamugaya masiku asanu ndi anayi, kenako amalavula nthenga zitakulungidwa ngati mpira. Salira ngati achule ena, amatsokomola ngati nkhalamba.

"Ameneyo ndinamumvapo," anatero amake Linda. "Ndinkayesa ndinu."

A Rafaeli anapitiriza ngati sanamve. Anati chachikulu choti munthu adziwe n'chakuti nyamayi imadya za nthenga zokha: abakha, nkhuku, nkhunda. Khoswe alibe nthenga.

"A kwanga ali nazo."

"Makoswe?"

"M'mimba. Andidyera anapiye asanu ndi pilo."

"Nakameza amayang'ana kunja, sayang'ana m'mimba."

"Nanga akakolo a anthu ali ndi nthenga? Paja munanena kuti amaluma akakolo."

Aphunzitsi anatsokomola. Nthawi yomweyo amake Linda anakweza mapazi pa benchi.

"Ndine ndatsokomola."

"Mwatsimikiza?"

Anatsimikiza. Kenako anafotokoza kuti m'sayansi kuluma ndi kudya ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo akakolo nakameza amangolawa. Amake Linda anati zimenezo n'zokwanira, chifukwa khoswe akalawidwa ndi mano a mizere iwiri sangabwerenso ku ufa.

Aphunzitsi analowera ku madzi. Anati khungu la nakameza limapuma, choncho sangakhale m'madzi a pa mpopi, mankhwala ake angamusupule. Mayiwo anayankha kuti pa mpopi pawo madzi anasiya kutuluka sabata zitatu zapitazo, ndipo akutunga m'kamtsinje komweko, kumunsi pang'ono. Chule akangopeza madzi ake omwe, amene anatsogola dzulo.

"Koma amafuna madzi oyenda."

"A m'dziwe lanuli akuyenda?"

"Akuyenda chapansipansi."

"Anganso ndiziwatakasa ndi mthiko chapansipansi."

Anati mchere umamupha, mayiwo nati akasungitsa mchere kwa anansi, aja a nkhuku aja, poti anakhululukirana. Anati nthawi ya chilimwe amadzikwirira m'matope miyezi inayi osadya kanthu, mayiwo nafunsa ngati angamudzutseko Loweruka lililonse, ntchito ikatha azikagonanso. Anati fungo la mafuta okazingira limamunenepetsa mpaka kufika pa msinkhu wa mbuzi. Apa amake Linda anaganiza kaye, kenako anati ngati zili choncho ndiye kuti akawathandizanso pa nkhani ya akuba.

A Rafaeli anafufuta chithunzi chija ndi phazi, nayambanso china. Anati chimene amake Linda sakumvetsa ndi chakuti nakameza alibe makutu. Amamva ndi mimba, imene amaigunditsa pansi. Munthu aliyense amamudziwa ndi mayendedwe, ndipo kuti azolowere mapazi a munthu mmodzi pamafunika dzinja lathunthu. Iwo okha ndi amene nakameza anawazolowera.

"Mayendedwe anu okha?"

"Anga okha."

Amake Linda anatsika pa benchi, namanga bwino chitenje. Anaika manja kumbuyo, naweramitsa mutu pang'ono, nayenda pakati pa mabedi a mpiru akukoka mwendo wakumanzere. Pa phazi lachinayi lililonse ankaima n'kuyang'ana kumwamba ngati munthu woyesa mvula.

"Ine sindiyenda choncho."

"Mumayenda choncho. Ngati mwavala nsapato zakuda zija mumawonjezera kukoka."

A Rafaeli sankadziwa kuti pali munthu amene amayang'ana mayendedwe awo mpaka kuwaloweza. Anatembenukira ku chithunzi chawo, nawonjezera dzino limodzi losafunikira.

Mayiwo anabwerera pa benchi, nanena kuti aphunzitsi asavutike ndi wamkuluyo, amutsalire. Iwo akungofuna ana. Analoza m'mphepete mwa dziwe, mmene mbululu zinali kupikisana zakuda bii, nati zisanu zokha zikwana. A Rafaeli anayankha kuti zimenezo ndi za achule wamba, nakameza amazisunga ngati ndiwo za tsiku la mvula.

"Paja munati amadya za nthenga zokha."

"Pa tsiku la mvula amalekerera."

"Nanga zake zili kuti?"

Aphunzitsi anaona ngati apeza potulukira. Anati ana amafuna bambo ndi mayi, ndipo nakameza wa m'dziwe lawo ali yekha, mnzake wapafupi mwina ali ku Chikwawa. Amake Linda anafunsa ngati ali wamwamuna kapena wamkazi, kuti akadzapita kumudzi adzadziwe woti adzafunse. A Rafaeli anaona kale m'maganizo mwawo mayiwo akuyenda mudzi ndi mudzi ku Chigwa cha Shire kufunsa chule amene palibe anamumvapo, ndipo anafulumira kutseka njira imeneyo.

"Zimatengera nyengo. Chilimwe amakhala wamwamuna, dzinja wamkazi."

"Yekhayo?"

"Yekhayo."

"Ndiye kuti sasowa mnzake."

"Sasowa."

"Ali ndi mwayi," anatero amake Linda, amene anaika amuna awo m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Onse awiri anayang'ana madzi. A Rafaeli nawonso chakudya cha m'mawa amaphika cha munthu mmodzi, koma sanaone chifukwa chotchulira zimenezo. Anali amake Linda amene anayambanso kulankhula.

"Ngati sasowa mnzake, ndiye kuti mbululu imodzi yokha ikwana."

Aphunzitsi anazindikira kuti dzenjelo akumba okha. Anayesa kunena kuti ana a nakameza amadyana okhaokha mpaka kutsala mmodzi. Mayiwo anati wotsalayo ndi amene akumufuna, chifukwa ndiye wakhama pa ntchito. Anayesa kunena kuti mazira ake amaikira pansi pa matope akuya kufika m'chiuno. Mayiwo anayang'ana chiuno cha aphunzitsi, nayang'ana dziwe, nati adikira, mandasi asiyira Linda.

Dzuwa linali litakwera, ndipo theka la mpiru linali lisanathiriridwe. A Rafaeli anataya kamtengo kaja.

"Amake Linda, ndikuuzeni zoona. Nakameza kulibe."

"Wapita kuti?"

"Sanapite. Kulibe."

"Ee, ndamva kuti kulibe. Abwera nthawi yanji?"

"Sabwera."

Mayiwo anaika manja pamodzi, natsitsa mawu.

"Watisiya? Pepani, aphunzitsi. Osatiuza bwanji?"

"Sanafe."

"Koma m'mawa uno munati wagona."

"Ndinatero."

"Ndiye wagona kwina."

Amake Linda sanachedwe kuona kumene nkhaniyo ikupita. Ngati sanafe, ndipo m'dziwe mulibe, ndiye kuti wathawa. Ngati wathawa, watsata madzi, ndipo madziwo akupita kumunsi kumene amayi onse a m'dera lawo amatunga, akakolo ali poyera. Anaimirira pa benchi, nasuzumira kumunsi dzanja lili pa chipumi.

"Tsikani, amake Linda. Chimene ndikunena ndi chakuti nakameza ndinachita kumupanga ndekha."

Mayiwo anatsika, koma anatsikira mbali ina ya benchi. Anatseka ndowa yawo bwinobwino, nabwerera m'mbuyo mapazi awiri.

"Kumupanga?"

"Ndekha."

"Aphunzitsi, inu amene mumawerenga Mawu m'tchalitchi? Kwathu ku Nsanje tinkamva za ng'ona zochita kupanga, zotumidwa kwa anthu. Koma chule? Munagwiritsa zizimba zanji?"

A Rafaeli nawonso ndi a ku Nsanje, ndipo sanafunikire womasulira. Mbiri yotere ikamveka pa munthu wa imvi wokhala yekha, sichoka ndi sopo. Anagwedeza manja onse awiri, nanena kuti lilime lawapulumuka, sanapange kanthu iwo, nakameza analengedwa ndi Mulungu monga zolengedwa zonse.

"Tsiku lachingati?"

"Lachisanu."

"Pamodzi ndi nsomba."

"Pamodzi ndi nsomba."

Amake Linda anachita chizindikiro cha mtanda, nakhalanso pansi, mtima utatsika.

"Ndiye alipo."

"Alipo."

"Zikomo. Mumandiopsa."

Tsopano mayiwo anali atamvetsa zonse, ndipo anafotokozera aphunzitsi mofatsa, monga munthu wofuna kuthandiza mnzake amene wasokonezeka. Chule alipo, koma mwiniwake sakudziwa pamene wabisala, n'chifukwa chake akuyankha mozungulira. Imeneyi si ntchito ya munthu mmodzi wa mwendo wokoka. Loweruka akaitana amuna a ku limana, anthu khumi ndi awiri, motsogozedwa ndi a Januario amene ali ndi makasu ndi mafosholo. Ena adzakapa dziwe ndi ndowa mpaka matope aoneke. Ena adzakumba matopewo kufika m'chiuno. Otsalawo adzayenda mu mzere kuchokera ku chipata mpaka ku mtsinje, akutembenuza mwala uliwonse, poti iye amadzisandutsa mwala. Tomato adzayamba amuzula kaye, chifukwa m'menemo ndi mowirira.

"Adzamubzalanso," anawonjezera. "Ndi anthu a chifundo."

"Tomato wa maluwa sabzalidwa kawiri."

"Ndiye adzasamala pozula."

A Rafaeli anayang'ana dimba lawo. Tomato anali atangoyamba maluwa, mpiru unali wothyola sabata yamawa. Anthu a njira yachidule ankaponda mzere umodzi wokha, ndipo ena ankapepesa. Amuna khumi ndi awiri ogwira ntchito yachifundo sangasiye ngakhale tsamba. Anaona kuti kuli bwino njira itsegulidwenso kusiyana ndi kulandira thandizo limeneli. Anavula chipewa, nachigwira ndi manja awiri, nalankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu oti asakhale ndi khomo lachiwiri.

"Amake Linda, ndinanama. Chule wa mano sanalengedwe, sanapangidwe, sanathawe, sanafe. Ndinamupeka m'mutu mwanga ngati nyimbo, kuti anthu asiye kundipondera mpiru. Dzina lake ndinaliganiza ndikumeta ndevu. M'dziwe umu muli madzi, matope ndi achule wamba basi."

Mayiwo anaponya mapatapata pansi, nawavala, osasamalanso za phokoso.

"Aphunzitsi, Linda munamuphunzitsa ndinu. Zaka zonsezi sindinamvepo bodza pakamwa panu. Lero mwanama chifukwa cha mbululu imodzi."

"Lero ndi limene ndanena zoona."

"Mukanangoti simukufuna, ndikanamva. Munthu wamkulu mpaka kukana chiweto chanu chomwe, chili pomwepo chikumva ndi mimba."

Mayiwo ananyamula ndowa yawo. Anati amuna a ku limana sawavutitsanso, chifukwa palibe amene angakumbe matope kuthandiza munthu womana mbewu. Anati ufa wawo adzaukweza kudenga, makoswe aphunzire kukwera.

"Sungani chule wanu. Ndikauza siteji yonse kuti nakameza alipo, ndi wonenepa, ndipo mwiniwake amamukonda kuposa anthu. Muno simudzaonanso phazi la munthu, ngakhale langa."

Anayenda kulunjika ku chipata, mapatapata akulira pa phazi lililonse. Aphunzitsi anaima pakati pa mabedi awo. Tomato anali atapulumuka, mpiru unali utapulumuka, ndipo njira yachidule inali itatsekedwa molimba kuposa mmene iwo akanaitsekera ndi waya. Zonse zimene ankafuna anali atazipeza, ndipo dimba linali zii. Ku chipata amake Linda anali kulimbana ndi kachingwe komangira, kamene kamavuta munthu wokwiya.

"Amake Linda."

"Ndikumva."

A Rafaeli anavala chipewa, natola kheni, nalankhula akuyang'ana mpiru.

"Mubwerenso Lachinayi. Amaikira mazira Lachitatu."